Juzi Yachikasu ya a Vinsenti

Kumtunda kwa Malomo, kumene msewu umatha n'kusanduka kanjira ka njinga, kuli mudzi umene ana ake ambiri anatuluka m'chikuta atavala chipewa cha munthu mmodzi. Munthuyo ndi a Margareta, akazi awo a Vinsenti, mayi wamfupi, wolankhula msanga, amene simungakumane naye alibe jumbo ya ulusi m'khwapa. Ku mphakati amaluka, pa mzere wa ku chigayo amaluka, podikira minibasi amaluka. M'tchalitchi ndi pamaliro pokha ndi pamene amaika pansi masipoko awo olukira, komabe mukayang'anitsitsa mupeza zala zawo zikuthamanga pa kolona kuposa za anzawo onse.

Kuluka anaphunzira ali mtsikana, kwa asisitere ena okalamba a ku mishoni amene ankasonkhanitsa atsikana Loweruka masana. Zolukira zinali zochepa, moti iwo anayamba ndi timitengo ta nsungwi tosema okha. A Vinsenti pobwera kudzafunsira mbeta sanatenge sopo kapena mpango ngati anyamata ena. Anatenga masipoko awiri a njinga, atawanola bwinobwino pa mwala. Anali atawazula ku njinga ya amalume awo, ndipo njingayo inayenda chopotoka mpaka kutha, eni ake akumatukwana amakaniko a pa Malomo kuti sadziwa ntchito. A Margareta anangoona masipokowo n'kudziwa kuti mnyamata uyu, ngakhale salankhula, amaona.

Ulusi wa m'sitolo sagula. Tsiku la msika amapita pa kaunjika n'kusankha majuzi obooka m'zigongono, amene ena onse awaponyera pambali. Kunyumba amawaphwasula, kukulunga ulusiwo pa miyendo ya mpando wotembenuza, kuuviika m'madzi otentha kuti uthe makwinya, kenako kuuyanika pa nthambi ya mgwafa atamangirira botolo la madzi kunsi kwake. Ukakhala wowonda kwambiri amaupota uwiriuwiri pa ntchafu, monga muja apotera khonje. Ndipo zimene aluka sagulitsa. Ena anayesapo kuwauza kuti akhoza kutsegula benchi pa msika, iwo n'kuyankha kuti chinthu cholukira munthu amene sukumudziwa nkhope chimatuluka chouma. Amapatsa basi. Wopatsidwayo mwina abweretsa lichero la mtedza, mwina nkhuku, mwina zikomo yekha, ndipo a Margareta onsewo amawakumbukira mofanana, kupatula awiri atatu amene sanathokoze n'komwe. Amenewo amawakumbukira kwambiri.

Moyo wawo, kunena zoona, wayenda bwino. Munda ulipo, chigafa cha fodya chilipo, ana anakula, ndipo mwamuna wawo ndi wofatsa moti mkangano m'nyumbamo amauyamba okha n'kuumalizanso okha. Vuto lawo linali limodzi, ndilo maso. A Margareta ankadziwa kuti mayi ali ndi pakati mwini wake asanauze ngakhale mwamuna wake. Ankaonera mmene akutulira ndowa pa mjigo, mmene akukwinyira nkhope wogulitsa usipa akadutsa, kapena akamupeza akunyenya kadothi ka pa chulu n'kuponya m'kamwa. Pakamwa pawo pankasunga chinsinsi ndithu, tisawanamizire. Amene sankasunga chinsinsi ndi manja. Tsiku lomwelo ankayamba kachipewa, pakhonde, dzuwa likuswa mtengo, ndipo amayi a m'mudzi anaphunzira kuwerenga masipokowo. Wina ankangonong'oneza mnzake kuti a Margareta ayamba tating'ono, basi maso onse ayamba kuyendayenda pa mimba za anzawo. Wina akawadandaulira ankayankha kuti nkhanga zinapangana kusanapse, ndiponso kuti mwana wobadwa mu Juni kumapiri kuno sadikira kuti munthu amalize mzere.

Mwana wawo wamwamuna wotsiriza, Mayeso, anakwatira mtsikana wa kwa Dzoole dzina lake Debora, n'kubwera naye chitengwa. A Margareta anamukonda mtengwayo kuyambira tsiku loyamba, chikondi chosabisa. Ana awo aakazi onse anali atakana kuluka, akuti kumapweteketsa khosi, koma Debora anakhala pamkeka, napempha masipoko. Madzulo alionse akaweruka kumunda awiriwo ankakhala pamenepo, wina akuluka, wina akulakwitsa, onse akuseka. Anthu ankati apongozi ndi mtengwa otere sanawaonepo, ndipo ena ankanena mokhala ngati zikuwawawa.

Debora atakhala ndi pakati poyamba, a Margareta analuka monga mwa nthawi zonse, ndipo ulendo uno ankaimba n'kuimba. Pakati paja panapita padera. Chaka chotsatira anayambanso kuluka, shawelo yoyera ya maluwa m'mphepete, ndipo panapitanso padera, miyezi itapita kale ndithu. Patatha masiku angapo amake Debora, a Elizabeti, anabwera kuchokera kwa Dzoole. Ndi mayi wamtali, wolankhula pang'onopang'ono, wosakweza mawu, mtundu wa anthu amene akakulankhula umalakalaka akanangokutukwana. Anakhala pakhonde la a Margareta, namasula kamtolo, naika pamkeka shawelo ija, tizipewa ndi timasokosi tonse.

"Asewere," anatero, "sindinabwere kudzayambana nanu. Koma kwathu mwana sitimulukira chovala asanalire. Zimene mwana wanga akubisa ndi chitenje, inu mukulengeza ndi masipoko. Maso a anthu si onse abwino. Kawiri konse tsopano."

A Margareta anayang'ana zinthu zija pamkekapo. Ndi Mkatolika wa kolona, zamaso a anthu ankati sazikhulupirira, koma mawu oti "kawiri konse" anawalowa ngati munga. Zinthu zija anaziphwasula zonse madzulo omwewo, ndipo ulusi wake a Vinsenti anasokera fodya chaka chimenecho.

Chimene chinawapweteka kwambiri sichinali a Elizabeti. Chinali Debora. Mtsikanayo sanachite mwano ngakhale pang'ono. M'mawa ankabwera, kugwada, kupereka moni, kutunga madzi a apongozi ake monga kale. Koma pamkeka paja sanakhalenso. Akaona jumbo ya ulusi ankayang'ana kumbali n'kukumbukira kuti wasiya nyemba pamoto. Masipoko amene anabwereka anawabweza kudzera mwa Mayeso. A Margareta anapitiriza kulukira ana a eni, koma tsopano ankadikira kuti mwana abadwe kaye, ndipo pakhondepo ankakhala okha. Anamusowa mtengwa wawo ngakhale nyumba zawo zinali zoyang'anizana.

Panapita zaka ziwiri. Tsiku lina mu Febuluwale, mvula itangokata, a Margareta anaona Debora akukwera kamtunda kochokera ku dimba, n'kuima pakati pa njira, dzanja lili m'chiuno, akupuma ngati wasenza thumba pamene anangonyamula kamtolo ka nkhwani. Anawerengera chamumtima n'kupeza kuti mwana ameneyu adzafika cha mu Ogasiti, mphepo ya kumapiri isanathe. Analowa m'nyumba, nakhala pa bedi, manja ali pamiyendo, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo sanadziwe chochita nawo manjawo.

Kuluka tating'ono sakanatha. Akanangoyamba, mudzi wonse ukanadziwa, a Elizabeti akanamva, ndipo china chikanachitika Debora sakanawayang'ananso kumaso mpaka imfa. Kuluka mobisa nakonso kunali kosatheka m'nyumba imene aliyense amangolowa osaodira, ndipo munthu amene wakhala akuluka poyera moyo wake wonse akayamba kutseka chitseko, ndiye kuti walengeza kuposa kale. Komanso kusiya osaluka kanthu, mdzukulu wawo weniweni n'kudzafika m'nyengo yozizira wopanda ngakhale chipewa, zimenezo mtima wawo unakana. Anavutika nazo sabata yathunthu, akumakalipira nkhuku zosalakwa.

Tsiku la msika anapeza pa kaunjika majuzi awiri achikasu, ofewa ngati nthenga za kamwanapiye. Anawagula, kuwaphwasula, kuviika, kuyanika pa mgwafa. Ulusi wachikasu uli lendelende pamenepo, amayi odutsa anayamba kale kutsinana. A Margareta anawasiya atsinane. Madzulo anaitana mwamuna wawo pabwalo, pamene aliyense akanaona.

"Bambo a Mayeso, taimani apa ndikuyeseni."

"Mundiyese chiyani?"

"Juzi. Zaka zonsezi ndalukira mudzi wonse, inu mukuyenda ndi jekete long'ambika ngati mulibe mkazi."

A Vinsenti anayang'ana ulusi wachikasu uja, nayang'ana akazi awo. "Mtundu umenewu?"

"Uli ndi vuto lanji? Galimoto zizikuonerani patali."

Anatambasula manja n'kuyesedwa, chifukwa pa zaka zonse za ukwati wawo anali ataphunzira kuti kutsutsa kumangotalikitsa nkhani.

Juzi imeneyo a Margareta anailuka poyera, pakhonde, mwakuti aliyense wofuna kufunsa afunse. Koma sanailuke monga alukira juzi. Kumsana analuka chigamba chimodzi cha ngodya zinayi, kutsogolo chinanso chofanana nacho, moti mutazilumikiza m'litali zikanakhala shawelo yofunditsa khanda. Matumba awiri anawaluka paokha, ozungulira, okoka kukamwa, ndipo mwini wake ankadziwa kuti ndi tizipewa. Lakumanja analiyesa mutu wa mwana wokwana masiku. Lakumanzere analichepetsa, poti chakudza sichiimba ng'oma. M'khosi anadutsitsamo chingwe, ndipo kunsonga zake anamangirira timphonje tiwiri, timene tinali timasokosi topindira m'kati. Zonsezi anazilumikiza ndi ulusi umodzi wofiira, mosalimbitsa, woti kungoudula pamalo amodzi n'kukoka, juzi yonse yamasuka. Mikono yokha ndi imene inali mikono yeniyeni.

Mumtima ankalimbana nazo. Popemphera ankati, "Ambuye, mukuona nokha, ndikulukira mwamuna wanga," kenako n'kuchita manyazi, poti Amene ankamuuzayo si wonamizika. Mantha nawo analipo. Nthawi zina masipoko ankaima pakati pa mzere iwo akuganiza kuti kapena a Elizabeti ananena zoona, kapena akuitananso tsoka, kungoti ulendo uno alivekera mikono. Akatero ankayang'ana kutsidya kwa bwalo, kuona Debora akupeta chimanga ali bwinobwino, n'kupitiriza.

Inatha mu Meyi, ndipo a Vinsenti anaivala Lamulungu loyamba. Tinene chilungamo, juzi inali yoipa. M'mapewa inali yangodya ngati thumba la feteleza, matumba osiyana kukula, timphonje tikugundana pachifuwa. Kutchalitchi azibambo anzawo anadikira Misa ithe, kenako anawazungulira. A Abrahamu, mnzawo wa pa bawo amene pakamwa pake sipapuma, anafunsa ngati a Vinsenti alembedwa ntchito yoopseza mbalame m'munda wa mpendadzuwa, kapena iwowo ndiwo mpendadzuwawo. Dzina la Mpendadzuwa linakhala pomwepo. Amayi nawo ananong'onezana kuti manja a a Margareta ayamba kukalamba, taonani matumba sakufanana. Zimenezi zinafika m'makutu mwawo ndipo zinawawawa kwambiri, poti pa chilichonse angakunyozeni, koma osati pa luso lanu. Anangomeza malovu.

A Vinsenti sanadandaule. Anadandaula kamodzi kokha, tsiku limene anaika mtedza wokazinga m'thumba lakumanja, akazi awo n'kulumpha ngati aponda moto.

"Chotsanimo. M'matumbamo musamaikemo kanthu."

"Thumba losaikamo kanthu ndi thumba lanji, amake Mayeso?"

"Ndi lokongoletsa."

Bamboyo anachotsa mtedza uja, nalowetsa chibakera chake m'thumbamo, nachitembenuza pang'onopang'ono. Anayang'ana dzanja lawo litazungulira m'thumbamo ngati kamutu. Kuyambira tsiku limenelo, ngakhale kuzizire bwanji, akamalowa m'chigafa kukasankha fodya ankayamba avula juziyo n'kuipachika pa msomali wa m'nyumba. Pamoto sankayandikira nayo. Akaseka a Abrahamu, iwo ankangoti, "Imafunda." A Margareta anaona zonsezi ndipo anamukonda mwamuna wawo monga sanamukondepo chikwatiranireni, koma sanamuuze, kuopa kumuzoloweza.

Juni anadutsa ndi chiperoni chake. Debora anali bwino, ankapita ku sikelo, Mayeso akumuperekeza pa njinga. Za pakati pakepo palibe ankazitchula, ngakhale tsopano chitenje chinali chitalephera kubisa. Moni wa m'mawa unali womwewo, wogwada, waulemu, wamfupi. Kumayambiriro kwa Julaye, m'mawa wina Debora akutonola chimanga pakhomo, anagwira chitseko n'kuitana mwamuna wake ndi mawu amene a Margareta anawamva ali kuseri kwa nyumba yawo. Masiku anali asanakwane. Kunatsala mwezi ndi kanthu.

Anathamanga naye pa njinga yamoto mpaka ku chipatala chaching'ono, ndipo kumeneko anawatumiza ku Boma. A Margareta anakwera nawo ngati womudikirira, atangomanga chitenje, jumbo ya ulusi kuiiwala koyamba m'moyo wawo. A Elizabeti anaimbiridwa foni ndipo anafika masana pa minibasi. Amayi awiriwo anakhala pa benchi imodzi panja, wina kuno wina uko, aliyense ndi kolona yake. Dzuwa likupendeka namwino anatuluka n'kunena kuti Debora wachira, mphatso ndi yaikazi, yaing'ono kwambiri koma ikupuma yokha ndipo yalira. A Elizabeti anaphimba nkhope ndi chitenje. A Margareta anapezeka atagwira dzanja la asewere awo osadziwa kuti aligwira liti.

Namwinoyo anapitiriza kuti mwanayo agona m'chipinda chotentha, koma mawa amuika pachifuwa pa amayi ake, khungu kukhungu, ndipo akhala choncho usana ndi usiku mpaka atanenepa. Chofunika ndi chipewa ndi masokosi, chifukwa mwana wotere kutentha kumathawira kumutu ndi kumapazi. A Elizabeti anali atabwera ndi zitenje zatsopano, beseni ndi sopo, zonse zoyenera, koma chovala cha mwana analibe ngakhale chimodzi, monga mwa mwambo wawo. M'mawa mwake analawirira ku msika n'kubwerako ndi kachipewa kapinki, kochepetsetsa pa benchi yonse. Namwino anakayesa n'kubwera nako akupukusa mutu. Kanamira mpaka kuchibwano.

Nthawi yomweyo a Vinsenti anali akulowa pa geti akukankha njinga, kumbuyo atamanga nkhuni, ufa ndi nkhuku, iwo ali chikasu kuonekera kutali. Anali atanyamuka kusanache bwino, ndipo ndevu zawo zinali ndi mame. A Margareta anawakokera kuseri kwa khitchini ya odikirira odwala, kumene amayi ambiri ankasonkha moto.

"Imani chilili. Tambasulani manja."

"Pano?"

"Pompano."

Anabwereka lumo, nadula ulusi wofiira m'khwapa, nayamba kukoka. Thumba lakumanzere linagwera m'dzanja lawo, kenako lakumanja. Anamasula timphonje n'kutitembenuza, tikhala timasokosi totalika ngati chala. Msana unachoka, chifuwa chinachoka. Amayi a pa khitchini anasiya kukupiza moto. A Vinsenti anatsala ndi malaya awo akale ndi mikono iwiri yachikasu, kuyambira m'mapewa mpaka m'manja, ataimabe chotambasula poti palibe anawauza kuti atsitse. Mayi wina anayamba kuseka, ena n'kulandira, ndipo bamboyo anafunsa mofatsa ngati mikonoyo ndi yawo tsopano kapena nayonso ili ndi mwini wake.

Amene sanaseke ndi a Elizabeti. Anaima pambali, kachipewa kapinki kali m'manja, akuyang'ana zinthu zija chimodzichimodzi.

"Ndiye kuti munaluka ndithu, asewere."

"Ndinalukira amuna anga."

"Mwana wabwera masiku asanakwane."

Mawu amenewa ndi amene a Margareta anakhala akuwaopa miyezi yonseyi. Anangoti, "Wabwera. Ndipo akuzizidwa."

A Elizabeti anati, "Ine ndilibe mawu. Mwana ali ndi mwini wake. Akakana, musakakamize." Atatero anatenga beseni lawo latsopano lija n'kupita ku mpopi, nabwera nalo lodzaza, naliika pansi pafupi ndi a Margareta, sopo ali pambali.

Anazichapa, kuzitsukuluza, kuziyanika pa waya. Mphepo ya Julaye inaumitsa tizipewa ndi timasokosi dzuwa lisanafike pamutu. Podikira, a Margareta analumikiza zigamba ziwiri zija ndi ulusi wofiira womwe uja, zikadali zonyowa, singano atabwereka kwa mayi wa ku Dowa amene ankadikirira mlongo wake. Sankaopa namwino, sankaopa a Elizabeti. Ankaopa kuti alowa m'chipindamo, atulutsa kachipewa, Debora azindikira chikasu chija n'kutembenukira kukhoma. Akanatero, a Margareta ankadziwa kuti basi, mtengwa wawo wapita, ngakhale akhale naye bwalo limodzi mpaka kukalamba.

Analowa masana, atabisa zinthuzo m'chitenje. M'chipindamo munali motentha, amayi angapo atakhala chotsamira pa mabedi, aliyense ali ndi kamtolo pachifuwa. Debora anali kumapeto, pafupi ndi zenera. Anali atatopa, milomo youma, koma maso ali gwa. Pakati pa mabere ake panali kamutu kakuda, konyowa tsitsi, kochepa kuposa mmene a Margareta anaganizira, katafunditsidwa ndi nsonga ya chitenje imene inkangotsetsereka. Anaima kumiyendo kwa bedi, napereka moni, nafunsa ngati wadya.

Debora anayang'ana chotupa cha m'chitenje cha apongozi ake.

"Amayi, mwabweretsa lakumanzere kapena lakumanja?"

A Margareta anagwira chotupacho ndi manja awiri.

"Lakumanzere ndi limene lingamukwane," anatero Debora. "Laling'ono lija."

"Unadziwa?"

"Munandiphunzitsa ndinu. Thumba sitiyamba ndi mizere yokoka, timayamba choncho chipewa. Ndinaona Lamulungu loyamba lomwe lija."

"Nanga osanena bwanji, mwananga? Ukanandiuza ndikanaiphwasula tsiku lomwelo."

Debora anakonza kansalu kamene kanatsetserekanso pamutu pa mwana. Analankhula motsitsa, kuti a pabedi loyandikana asamve.

"Ndinaopa, amayi, sindinama. Usiku woyamba sindinagone. Ndinafuna kuuza a Mayeso kuti akakuuzeni muitenthe. Koma ndinaganiza. Amayi anga sankatchula za mwanayu. A Mayeso sankatchula. Ineyo ndinkaopa ngakhale kumulankhula m'mimbamu, kuti ndingamuzolowere. Tonse tinkangodikira tsiku loti zichitikenso. Inu nokha ndi amene munkakonzekera munthu wamoyo." Anapuma pang'ono. "Popita ku tchalitchi ndinkatsalira dala, kuti ndiziyenda kumbuyo kwa abambo. Ndinkayang'ana pamsana pawo n'kumati, mwana wanga adzagona apa. Masiku ena chimene chinkandidzutsa ndi chimenecho."

A Margareta anamasula chitenje, natulutsa kachipewa kaja, nakapereka ndi manja awiri. Debora sanakalandire. Anasuntha miyendo yake kuti pabedipo papezeke malo, nachotsa kansalu pamutu pa mwana.

"Khalani apa. Mumuveke nokha."

Anakhala. Anatambasula kukamwa kwa kachipewako ndi zala zinayi, nakatsitsa pang'onopang'ono pa kamutu kofewa kaja mpaka kuphimba timakutu. Kanakwana ndendende. Mwanayo anakwinya nkhope, nayasamula, nagonanso. A Margareta analira pamenepo, mosabisa, misozi ya chimwemwe ikugwera pa chitenje cha mtengwa wawo, ndipo Debora anawasiya alire mpaka atamaliza asanawakumbutse za masokosi.